Kamphaka ka mawanga kaja si mwana wa kambuku ayi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko pa tsamba lanu la makalatali, nkhani yake ndi ya mphaka, ndipo ndikudziwa ena aseka kuti ndi mavuto onse tili nawowa munthu wamkulu nkukhala pansi kumalemba za mphaka. Koma masiku ano pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp mukuzungulira timavidiyo ta kanyama kena ka mawanga, wina atakanyamula m'manja, wina akukamwetsa mkaka wa m'botolo, pansi pake anthu nkumalemba kuti ndikufuna kanga, kakugulitsidwa kuti, ena mpaka kukangana kuti ameneyu ndi mwana wa kambuku azungu aphunzira kuweta akambuku tsopano. Ayi ndithu. Kameneko nthawi zambiri kamakhala kamphaka kakutchire ka ku Asia kotchedwa leopard cat, apo ayi ndi mphaka wa mtundu wa Bengal amene anthu anachita kumupanga pokweretsa wakutchireyo ndi wapakhomo. Ndipo chimene chikundivuta ine nchoti anthu akungoona mawangawo basi, pamene kanyamaka mbiri yake ndi yokoma kuposa mawanga akewo, ndipo malo ake si pa sofa.

Asayansi amakatcha Prionailurus bengalensis, dzina loti bengalensis analipereka koyamba ndi Robert Kerr wa ku Scotland mu 1792 potengera kamene kanapezeka ku Bengal. Ubale wake ndi kambuku ndi wakutali zedi, abale ake enieni ndi timphaka tina ta ku Asia komweko monga kamene kamagwira nsomba m'madambo. Kukula kwake ndi chimodzimodzi mphaka wapakhomo, kungoti miyendo ndi yaitaliko ndipo mutu ndi waung'ono. A kumadera otentha amalemera kuyambira theka la kilo mpaka makilo osakwana 4, ndiye kuti ena atakula kale salemera ngakhale ngati paketi ya shuga, ameneyo ndiye kambuku wanuyo. A kumpoto kwa China ndi ku Siberia ndi amene amakulako, amafika makilo 7, makamaka ikamayandikira nyengo yozizira pamene amanenepa kukonzekera chisanu. Kumaso kwake kuli mizere yakuda yochokera m'maso kulowera pamwamba pa mutu, ndi timizere toyera m'mbali mwa mphuno, makutu ndi ozungulira, kumbuyo kwake akuda ndi kadontho koyera pakati. Ubweya umatengera komwe akukhala, a kumwera ndi achikasu owala mawanga ake ooneka bwino, a kumpoto ndi otuwa, ubweya wambiri, mawanga ozilala moti mutawaika pamodzi simunganene kuti ndi mtundu umodzi.

Pa amphaka onse ang'onoang'ono akutchire a ku Asia, palibe wofalikira ngati ameneyu. Mumupeza kumpoto kwa Pakistan, ku India, Nepal, Bangladesh, Myanmar, Thailand, Vietnam, China, Korea mpakana chigawo cha Amur ku Russia. Ku Nepal makamera otchera m'tchire anamujambula pamwamba pa mapiri kupitilira mamita 3,000, kwinaku ali m'nkhalango za m'mbali mwa nyanja, ndiponso ali m'mapiri ozungulira mzinda wa Hong Kong, anthu mamiliyoni ali pansipo osadziwa. Chimene chimamugonjetsa ndi chipale chofewa chikachuluka, ku Russia amapewa malo amene chimaunjikana kupitilira masentimita 10, miyendo yake siyotha kuyenda mmenemo. Kale ankati a pa zilumba za Java, Sumatra, Borneo, Bali ndi zina za ku Philippines ndi mtundu womwewu, koma mu 2017 akatswiri a za amphaka a IUCN, bungwe loona za kuteteza zachilengedwe pa dziko lonse, anawapatula, anati amenewo ndi mtundu paokha, Prionailurus javanensis. Makhalidwe ake koma ndi ofanana kwambiri.

Amayenda yekha, makamaka usiku, masana amabisala m'mphako, m'tchire lowirira kapena m'mwamba mwa mtengo poti kukwera ndiye katswiri. Madzi saopa, pakati pa zala zake pali kakhungu komuthandiza kusambira, ndipo sakonda kukhala kutali ndi mtsinje kapena dambo. Wamkazi amakhala ndi bere masiku 60 mpaka 70, nkuswa ana awiri kapena atatu, pobadwa kamwana kamalemera magalamu 75 mpaka 130, maso kamatsegula pasanathe masiku 15, pakatha mwezi kayamba kulawa nyama. Osungidwa ndi anthu afikapo zaka 13, akutchire ambiri safika pamenepo.

Tsopano pa chakudya ndi pamene pagona nkhani yanga. Amadya mbalame, abuluzi, achule, mazira, tizilombo, nsomba akapeza, koma ndiwo yake yeniyeni ndi makoswe ndi mbewa. Ndipo sachita zamasewera zija amachita pusi wathu zomuponya khoswe m'mwamba, kumusiya athawe nkumugwiranso, iyeyu akagwira wagwira, zikhadabo sachotsa mpaka nyamayo itafa. Chifukwa cha makoswewo, mphaka ameneyu ndi mmodzi wa nyama zochepa zimene zimatha kupirira anthu akagwetsa nkhalango. Ku Malaysia ndi ku Indonesia komwe adula mitengo yachilengedwe nkudzala minda ikuluikulu ya kanjedza wa mafuta ophikira, nyama zambiri zinathawa kapena kutha, anyani akuluakulu aja a orangutan akuvutika mpaka lero, koma makoswe anachulukana koopsa chifukwa cha zipatso za kanjedzayo, ndiye amphakawa amalowa m'mindamo usiku kukasaka. Ofufuza ku Sabah pa chilumba cha Borneo anawatsatira ndi timawailesi ta m'khosi nkupeza kuti amakonda kusaka m'minda momwemo ngakhale nkhalango ili pafupi. Pa chilumba cha Negros ku Philippines amakhala m'minda ya nzimbe. Kwina ali m'minda ya mpunga, ya tiyi, ya khofi. Mlimi amene ali ndi kanyama kameneka m'munda mwake ali ndi mlonda wosafuna malipiro, vuto limabwera mlimi yemweyo akathira mankhwala ophera makoswe, khoswe wadya poizoni akuyenda mwa dzandidzandi, mphaka wamugwira mosavuta, mawa lake onse awiri afa. Kenako makoswe amabwerera msanga chifukwa amaswana mofulumira, mphaka sabwerera msanga. Sindikunena kuti minda ya kanjedza ija ndi yabwino ayi, ngakhale iyeyu amafunabe kathengo koti abisalemo ndi kulereramo ana, munda woseseratu mbee samukhalitsa.

Nkhani imene inandigwira mtima kwambiri ndi ya ku China, m'mudzi wakale wotchedwa Quanhucun m'chigawo cha Shaanxi. Anthu a kumeneko zaka pafupifupi 5,300 zapitazo ankalima mbewu yofanana ndi mawere, nkumaisunga m'mbiya ndi m'maenje, ndipo ofukula zakale anapeza mauna a makoswe olowera momwe munkasungidwa chakudyamo, kusonyeza kuti vuto la makoswe pa nkhokwe silinayambe lero. Pamalo omwewo anapezanso mafupa a amphaka. Atawayeza mafupawo anaona kuti amphakawo ankadya nyama zimene zinkadya mbewu ya anthuwo, ndiye kuti ankasaka makoswe a pankhokwe, ndipo mmodzi mwa iwo anali wokalamba, mano operepeseka, zomwe zimapatsa maganizo oti mwina anthu ankamusiya kukhala pamudzi mwamtendere kapena kumuponyerako chakudya. Zimenezi zinatuluka mu 2013 ndipo anthu anadabwa kuti mphaka wapakhomo anafika bwanji ku China kalekale chonchi. Mu 2016 gulu lina lotsogozedwa ndi Jean-Denis Vigne wa ku France linayezanso nsagwada za amphaka akale a kumeneko mosamala, nkupeza kuti sanali amphaka apakhomo amene timawadziwawa, anali ma leopard cat.

Taganizani a Mkonzi, mphaka ameneyu anakhala pafupi ndi anthu zaka mazanamazana, akudya makoswe pankhokwe zawo, mwayi wonse wosanduka chiweto anali nawo, koma sanasanduke. Lero amphaka onse apakhomo a ku China, ngati a kwina kulikonse pa dziko lapansi, makolo awo ndi mphaka wina wakutchire wotchedwa Felis lybica, amene anayamba kuzolowerana ndi alimi a ku Middle East zaka pafupifupi 10,000 zapitazo nkudzafalikira ndi amalonda. Pa chilumba cha Cyprus anafukula manda a zaka 9,500 momwe munthu anaikidwa pafupi ndi mphaka. Ndipo Felis lybica ameneyu si mlendo kwa ife, mtundu wake ndi womwewu wa vumbwe amene amatibera nkhuku kumudzi kuno. Ndiye kuti pusi wogona pakhonde panuyo ndi m'bale weniweni wa vumbwe, pamene wa mawanga wa ku Asia uja anayeserapo kukhala ndi anthu koma zinakanika, anabwerera kutchire. Ine ndimaona kuti pamenepa pali phunziro lokwanira kwa aliyense amene akuganiza kuti iyeyo ndi botolo lake la mkaka akwanitsa m'miyezi itatu zimene zinalephereka m'zaka zikwi.

Amene anayesapo kumusunga amanena zofanana, ali kamwana amaoneka wofatsa, akangokula basi amasanduka wamantha ndi waukali, amabisala tsiku lonse, usiku ndiye kulongolola, amakodzera paliponse kuika chizindikiro cha dera lake ndipo fungo lake si la masewera, chimbudzi amakonda kuchitira m'madzi, ukafuna kumugwira ulandira zikhadabo. Mavidiyo aja amakuonetsani mwezi woyamba okha, za chaka chachiwiri sajambula.

Nanga Bengal uja anachokera kuti. Mayi wina wa ku America, Jean Mill, mu 1963 anali ndi leopard cat wamkazi amene anagula m'sitolo ya ziweto, nthawi imeneyo zinkagulitsidwa poyera, ndiye anamuikira mphaka wakuda wamphongo wapakhomo kuti asasungulumwe, mosayembekezera panabadwa kamwana. Anadzasiya kaye, kenako m'zaka za m'ma 1970 dokotala wina, Willard Centerwall wa pa yunivesite ya Loma Linda ku California, ankakweretsanso mitundu iwiriyi pofuna kumvetsa chifukwa chake wakutchireyu sagwidwa wamba ndi kachilombo koyambitsa khansa ya m'magazi mwa amphaka. Ena mwa ana amene anabadwa pa kafukufuku ameneyo anadzafika m'manja mwa mayi Mill, ndipo ndi pamene ntchito yopanga mtundu watsopano inayamba mwamphamvu. Sinali yophweka, chifukwa amphongo obadwa m'mibadwo yoyambirira amakhala osabereka, ndiye ankatenga aakazi okhaokha nkumawakweretsa ndi amphaka apakhomo mobwerezabwereza. Bungwe lolembetsa mitundu ya amphaka la TICA linadzavomereza Bengal kupikisana nawo mokwanira pa zionetsero mu 1991. Malamulo a malo ambiri amamutenga ngati mphaka wapakhomo kuyambira m'badwo wachinayi kapena wachisanu, komabe kuli malo monga Hawaii ndi mzinda wa New York komwe saloledwa.

Choseketsa nchoti asayansi atayeza magazi a ma Bengal ambirimbiri posachedwapa anapeza kuti gawo lochokera kwa wakutchire uja ndi lochepa kwambiri, silifika ndi 5 peresenti yomwe, ndipo zambiri zokongola zimene anthu amalipirira madola ochuluka, monga kunyezimira kwa ubweya, zinachokera kwa amphaka apakhomo omwewa. Ndiye amene ali ndi Bengal ku Johannesburg kapena ku London asadzitame kuti akuweta chilombo, ali ndi pusi wovala bwino basi. Ine ndi Bengal ndilibe naye mlandu, amene ali ndi ndalama zake agule. Mlandu wanga uli pa kugwira wakutchire weniweniyo.

Chifukwa tiana timene mumationa m'mavidiyo tija sitigwa kumwamba. Nthawi zambiri alimi amatipeza m'munda pokolola kapena podula nzimbe, mayi wake atapita kosaka kapena atathawa phokoso, munthu nkuganiza kuti ndi tamasiye, kutitola, mawa tili pa intaneti tikugulitsidwa. Pena mayiyo amachita kuphedwa. Tambiri timafa m'masabata oyamba chifukwa cha mkaka wolakwika ndi matenda otengera kwa amphaka apakhomo. Ku Indonesia, Thailand, Vietnam ndi maiko ena oyandikana nawo malonda amenewa alipo ngakhale malamulo amaletsa. Pa mgwirizano wa maiko wa CITES woona za malonda a nyama zakutchire, mphaka ameneyu ali pa ndandanda wachiwiri kutanthauza kuti sungamutulutse m'dziko popanda chilolezo, ndipo a ku Bangladesh, India ndi Thailand ali pa ndandanda woyamba, amenewo kugulitsa kunja nkoletsedweratu. Malawi nayenso ali mu mgwirizano umenewu, ndiye amene akulemba kuti kagulitsidwa kuti aja adziwe kuti akufunsa njira ya ku khoti.

Mawanga omwewo anamuphetsapo kale mochuluka. M'zaka za pakati pa 1984 ndi 1989 dziko la China linkatumiza kunja zikopa za mphaka ameneyu pafupifupi 200,000 chaka chilichonse, zokasokera makhoti a azimayi olemera, ndipo mu 1989 atayendera amalonda akuluakulu a zikopa anapeza zoposa 800,000 zili m'mashedi kudikira ogula. Maiko a ku Ulaya analetsa kulowetsa zikopazi mu 1988, msika unangosamukira ku Japan komwe mu 1989 mokha anagula 50,000. Kanyama kakang'ono chonchi, ndiye muwerengere nokha kuti khoti limodzi limadya tingati. Kuti mtundu umenewu ulipobe mpaka lero ndi umboni woti ndi wolimba, ndipo IUCN kuyambira 2002 imauika m'gulu la nyama zimene sizili pa chiopsezo chachikulu ukatengera dziko lonse.

Koma mawu oti dziko lonsewo amabisa zambiri. Pa zilumba zina zinthu zafika pothina. Ku Japan kuli chilumba cha Iriomote, kumwera kwenikweni kufupi ndi Taiwan, chachikulu pafupifupi masikweya kilomita 290, nkhalango yokhayokha ndi mitsinje, anthu okhalapo ndi zikwi ziwiri ndi kanthu. Anthu a pachilumbapo ankadziwa kuyambira kale kuti m'nkhalango muli mphaka, koma asayansi anadzamudziwa mu 1965 ndipo katswiri wa zinyama wa ku Japan, Yoshinori Imaizumi, anamulemba m'mabuku mu 1967, poyamba ankayesa kuti ndi mtundu wapaderadera wotsala kuchokera kalekale, pambuyo pake kuyeza magazi kunaonetsa kuti ndi leopard cat yemweyu amene anatsekeredwa pachilumba nyanja itakwera. Alipo pafupifupi 100 okha. Chodabwitsa nchoti pachilumba chimenechi panalibe makoswe kapena mbewa zachilengedwe, makoswe alipo lerowa anabwera ndi anthu, ndiye mphakayu anaphunzira kudya chilichonse, achule, abuluzi, njoka, nkhanu, mileme ikuluikulu yodya zipatso, mbalame za m'madzi, nkhululu, ndipo amalowa m'madzi kusambira kukagwira chakudya. Palibe mphaka wina wakutchire amene akukhala pa malo aang'ono chonchi.

Mdani wake wamkulu pamenepo si mlenje ayi, ndi galimoto. Chilumbachi chili ndi msewu waukulu umodzi wodutsa m'mbali mwa nyanja, ndipo malo otsika amenewo ndi omwe amphakawa amakonda chifukwa kuli madambo ndi minda ya mpunga. Chule akapondedwa pamsewu mphaka amabwera kudzatola, galimoto yachiwiri nkumugunda iyeyo. Aboma anakumba tinjira ta pansi pa msewu toposa 100 kuti nyama zizidutsiramo, anaika zikwangwani, liwiro analichepetsa, anthu ongodzipereka amayendera msewu usiku kuchenjeza madalaivala ndi kutchetcha udzu wa m'mbali kuti mphaka azionekera patali. Amphaka apakhomo a pachilumbapo amalembetsedwa ndi kubayidwa katemera kuti asapatsire akutchirewo matenda. Mu 2021 UNESCO inaika chilumbachi pa ndandanda wa malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse, zomwe ndi ulemu koma zimabweretsanso alendo ambiri ndi magalimoto a hayala ambiri, ndipo amene amadandaula za zimenezi ine ndikuwamvetsa. Pamene nyama zatsala 100, iliyonse yogundidwa ndi nkhani ya m'nyuzipepala.

Chilumba china cha Japan, Tsushima, chimene chili pakati pa Japan ndi Korea, chilinso ndi ake pafupifupi 100, mavuto ake ndi omwewo, misewu, misampha yotchera nyama zina, agalu ndi matenda a amphaka apakhomo, ndipo malo osungira nyama a mumzinda wa Fukuoka ndi ena akuyesa kuwaswanitsa kuti mbewu isathe. Ku South Korea akambuku a mizere ndi a mawanga omwe anatha kalekale, amene watsala ndi kameneka.

Taiwan ndiye imandikumbutsa kwathu. Kumenekonso mphaka wamkulu wa m'nkhalango amene anali nawo, clouded leopard, ofufuza anamusaka zaka zambiri ndi makamera osamupeza mpaka mu 2013 ananena kuti anatha, ndiye leopard cat ndi mphaka wakutchire yekhayo wotsala, ndipo alipo mazana ochepa, pafupifupi 500, makamaka m'madera a Miaoli, Taichung ndi Nantou. Sakhala m'mapiri ataliatali otetezedwa ayi, amakhala m'timapiri tating'ono momwe muli minda, midzi, manda ndi makola a nkhuku, ndiye kukumana ndi anthu ndi kwa tsiku ndi tsiku. Agalu osokera amawaluma, magalimoto amawagunda, ndipo akalowa m'khola nkupha nkhuku mwini wake amatchera msampha wachitsulo kapena kuika poizoni. Ndani angamunene mlimi ameneyo? Munthu wadzuka m'mawa wapeza nthenga zokhazokha, nkhuku zimene amadalira, sungamuuze za kukongola kwa chilengedwe, akuthamangitsa.

Chimene anachita ku Taiwan ndi chimene ndikufuna owerenga amve. Sanangopita kukaopseza alimi ndi malamulo, anapita kukaona makola. Magulu a anthu ongodzipereka amapita kwa mlimi amene wadandaula nkumumangira mpanda wa waya kuzungulira khola, wolimba pansi kuti chilombo chisakumbe, wopindika pamwamba kuti chisakwere, nkhuku zikagona motetezeka mkangano watha. Boma linayambanso kupereka kandalama kwa mlimi amene mphaka walowa m'khola mwake koma iye osamupha nkukanena, ndi kwa amene akulima osathira mankhwala a makoswe ndipo kamera yajambula mphaka m'munda mwake. Ku Tongxiao m'dera la Miaoli alimi ena amalima mpunga mosathira mankhwala oopsa nkumaugulitsa ndi dzina la mphakayu pa thumba, anthu a m'tauni amagula pa mtengo wokwererako podziwa kuti akuthandiza. Ofufuza atayang'ana ndowe za amphakawa anapeza kuti chakudya chawo chochuluka ndi makoswe ndi mbewa, nkhuku ndi gawo laling'ono, kungoti nkhuku imodzi yophedwa imaoneka ndi maso pamene makoswe mazana odyedwa usiku palibe amawawerenga. Sindikuti zonse zatheka, amphakawo akufabe m'misewu chaka ndi chaka ndipo misewu yatsopano ikumangidwabe m'dera lawo, koma njira yake ndi yanzeru chifukwa yayambira pa vuto la mlimi.

Kuno leopard cat kulibe ndipo sadzakhalako, koma vumbwe tili naye, njuzi tili nayo, ndipo mlandu wawo ndi womwewu wa nkhuku. Tikamuona vumbwe timaitana agalu ndi zibonga, kenako mwezi wotsatira tikudandaula kuti makoswe atha chimanga m'nkhokwe ndi m'matumba, nkukagula mankhwala pamsika amene akuphanso amphaka athu, akadzidzi, nthawi zina mpaka ana. Khola la nkhuku lomanga m'mwamba lotseka bwino makolo athu ankalidziwa, ambiri tinalisiya nkhuku zikugona m'mitengo kapena m'khitchini yopanda chitseko. Vumbweyo alinso ndi vuto lina loti amakwerana ndi amphaka apakhomo poti ndi amodzi, moti kum'mwera kwa Africa kuno ofufuza amadandaula kuti weniweni wosasakanizika akusowa kufupi ndi midzi.

Nyuzipepala yanu ikamalemba za nyama zakutchire nthawi zonse ndi njovu, mikango, zipembere ndi ngaka, zomwe nzabwino, koma tinyama ting'onoting'ono todya makoswe timene mlimi amakumana nato sabata iliyonse simutilemba. Pempho langa ndi loti mutumeko mtolankhani wanu ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire akafunse zinthu ziwiri, choyamba lamulo likuti chiyani kwa munthu amene watola kamwana ka njuzi kapena ka vumbwe m'munda, akapereke kuti ndipo aimbire ndani, chachiwiri ngati alangizi a zaulimi ali ndi uthenga uliwonse wa kamangidwe ka khola loti vumbwe asalowe. Mayankho ake muwasindikize m'Chichewa, chifukwa amene ali ndi nkhukuzo ndi amene amawerenga tsamba lino.

Ndine wowerenga wanu,
ku Zomba